Tsiku Limene Wailesi Inalira M'foni

Moni nonse, ana anga okondedwa, inu amene mwatsegula tsamba lino. Ndikuthokoza Mulungu amene watidzutsa ndi moyo, natipatsa maso owerengera ndi makutu omvera. Ndikuthokozanso inu chifukwa chopatula nthawi yanu. Khalani pansi bwino, ndikuuzeni za mtsikana wina amene anakana thandizo la bodza pa tsiku limene thandizo ankalisowa kwambiri.

1. Foni yosalira

Mtsikanayu anzake ankamutchula kuti Timba, chifukwa anali wochepa thupi ngati kambalame kaja. Anali m'chaka chachiwiri pa yunivesite, ndipo akangotuluka m'kalasi ankathamangira ku wailesi.

Wailesiyo inali ya yunivesite, koma inkamveka m'tauni monse. Inali m'zipinda ziwiri kuseri kwa laibulale. M'chipinda choyamba munali makina, mawaya ndi mpando wong'ambika wa a Malume, bambo wachikulire amene ankayendetsa makinawo. Sanali malume a munthu aliyense pamenepo, koma aliyense ankawaitana choncho. Chipinda chachiwiri chinali situdiyo: makoma omatidwa masiponji, tebulo, mamaikolofoni awiri, ndi nyale yofiira pamwamba pa chitseko. Pakati pa zipinda ziwirizi panali galasi lalikulu.

Patebulo la a Malume panali foni ya omvera. Inali imodzi yokha. Musaiwale zimenezi.

Pulogalamu ya Timba inkatchedwa Funsani Odziwa, ndipo inkamveka Lachinayi masana. Iye ankaitana mphunzitsi mmodzi wa pa yunivesite, kaya wa zaulimi, kaya wa zamalamulo, kaya wa zaumoyo, kuti anthu a m'tauni aimbe foni n'kufunsa zimene zikuwasowetsa tulo.

Koma foni sinkalira. Timba ankatchula nambala, n'kudikira, n'kutchulanso. Mlendo ankayang'ana wotchi. Mapeto ake Timba ankafunsa yekha mafunso onse mpaka nthawi kutha.

Lolemba lina Mayi Mkulu, amene ankayang'anira mapulogalamu onse, anamuimika pakhonde. Pakhoma pamenepo panali bolodi la timakhadi, khadi lililonse lolembedwa dzina la pulogalamu ndi tsiku lake. Mayiwo anagogoda khadi la Timba ndi chala.

"Mwana iwe, ndakupirira mokwanira," anatero. "Wailesi si kalasi yoti munthu mmodzi azingolankhula yekha. Akuluakulu a yunivesite amandifunsa kuti, kodi anthu akumvera? Ine ndiziwayankha chiyani? Taona mnzako Chiphaliwali. Akangotsegula pakamwa m'mawa, mafoni ngati mvula. Iwe, zii. Lachinayi likubwerali foni ikapanda kulira, khadi ili ndichotsa, ndiikapo nyimbo. Nyimbo sizinandichititsepo manyazi."

"Ndamva, mayi," anayankha Timba. Koma mutu sanaweramitse.

2. Kukankha galimoto

Chiphaliwali anali mnyamata wa chaka chomaliza, wamtali, wa mawu aakulu, wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anamva zonsezo ataima pa masitepe.

"Timba, Timba, kambalame kanga," anatero akuseka. "Ukufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi. Mankhwala a vuto lako umagona nawo chipinda chimodzi."

Timba ankagona chipinda chimodzi ndi mnzake wapamtima amene ankatchedwa Chinkhwe. Dzinali analipata chifukwa ankatha kuyerekeza mawu a munthu aliyense, kuyambira mphunzitsi wa masamu mpaka kondakitala wa basi.

"Chinkhwe walowa bwanji m'nkhaniyi, achimwene?"

"Agogo aja amaimba pa pulogalamu yanga, odandaula za kukwera kwa zinthu, umayesa ndi ndani? Nanga mayi uja wa mapasa? Nanga kamtsikana kogulitsa nthochi? Onsewo ndi Chinkhwe, aise. Abusa opuma aja ndi mnyamata wa ku zamalamulo, ndipo chaka chino sanapondemo m'tchalitchi."

Timba anamuyang'anitsitsa.

"Usandiyang'ane ngati ndaba nkhuku," anapitiriza Chiphaliwali. "Ndi mmene timachitira kuno. Tinazipeza, tidzazisiya. Amene anandiphunzitsa ine anachita kuphunzitsidwanso. Timati kukankha galimoto. Galimoto ikafa batire, kodi umakhala m'kati n'kumapemphera? Umaitana anzako akankhe."

"Galimoto amakankha kamodzi, ikalira amasiya," anatero Timba. "Yanuyi mwakankha zaka zingati? Imeneyo si galimoto, achimwene, ndi wilibala."

Nkhope ya Chiphaliwali inasintha pang'ono, koma anasekabe.

"Pakamwa pokha uli napo. Koma pakamwa sipaliza foni. Ine ndikuuze Chinkhwe akonzeke, kapena ayi?"

"Ayi."

"Ndiye konzekera maliro a pulogalamu yako. Ine ndibwera ndi nkhata."

3. Kagalasi ka kumbuyo

Lachiwiri madzulo Timba anakwera basi kupita kwa bambo ake. Bambowo anali ometa. Kanyumba kawo kometera kanali pakati pa sitolo ya nsapato ndi malo okonzera mafoni. M'katimo munali mpando umodzi wozungulira, benchi ya odikira, galasi long'aluka pakona, ndi wailesi yaing'ono pa shelefu, pakati pa botolo la sipiriti ndi zipeso.

Pampando panali dalaivala wina wa lole, mutu utametedwa mbali imodzi.

"Wafika mtolankhani wathu!" anafuula bambo ake. "Khala apo, mayi. Nkhope yagwa bwanji?"

"Bambo, inu mumamvera pulogalamu yanga?"

"Funsa benchi iyi. Lachinayi masana muno salankhula munthu. Wotsokomola amatuluka panja."

"Nanga bwanji palibe amene amaimba foni?"

Dalaivala uja ndi amene anayankha, mutu osautembenuza. "Kuimba kuti, mwana wanga? Ife tinayesa kalekale, pa pulogalamu ya mnyamata wofuula m'mawa uja. Ukaimba, tu-tu-tu. Mawa, tu-tu-tu. Koma agogo omwe aja amalowa tsiku ndi tsiku, kaya ali ndi mankhwala anji. Tinangoti wailesi ya ophunzira ili ndi eni ake, ife tizingomvera."

Foni imodzi ija inamubwerera Timba m'maganizo. Pamene Chinkhwe anali pa foniyo akuyerekeza agogo, agogo enieni ankamva tu-tu-tu, n'kusiya.

Timba anawafotokozera bambo ake ndi dalaivalayo zonse, za khadi, za kukankha galimoto, za Lachinayi.

"Aa, nkhani yaing'ono," anatero dalaivala. "Bambo akowa aimbe. Kapena ine. Ndifunsa za msana wangawu."

"Mukaimba chifukwa msana ukupweteka, imbani," anatero Timba. "Koma mukaimba chifukwa ndabwera kudzalira kuno, ndi bodza lomwe lija, langosintha malaya. Bambo, inu musaimbe. Ndakupemphani."

Bambo ake anazimitsa makina ometera. Anatenga kagalasi kakang'ono ka m'manja kamene kanali pa msomali.

"Mwana wanga, tamvera," anatero. "Munthu akakhala pampando uwu, wandipatsa kumbuyo kwa mutu wake, kumene iye mwini saona. Nditha kumusiyira chigamba kumeneko, n'kumuuza kuti mwatchena bwana. Iye apita akumwetulira, ana n'kumamuseka m'njira monse. N'chifukwa chake ndikamaliza ndimatenga kagalasi aka, n'kumuonetsa kumbuyoko. Palibe lamulo londikakamiza. Koma pali Mmodzi amene amaona kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo Iyeyo sindingamubisire chigamba.

"Womvera wailesi ali ngati munthu wa pampandoyu. Sakukuona. Wakupatsa khutu lake mwa chikhulupiriro. Ukamunamiza, sadziwa lero, sadziwa mawa. Koma tsiku limene adzadziwe, ngakhale udzamuuze kuti nyumba yake ikupsa, adzati ndi sewero.

"Koma usaganize kuti akakuombera m'manja. Ndikukuchenjeza, ine bambo ako. Wokana bodza amadedwa ndi anzake kuposa ndi adani ake. Khadi lija akhoza kulichotsadi. Mnzako wa m'chipinda akhoza kukutembenuzira msana. Ukadzabwera kuno ukulira, ndidzakupukuta misozi, koma sindidzanena kuti unalakwa. Ukukumbuka mnyamata uja wa m'Malemba? Anamuveka zovala zankhondo za mfumu, zolemera, zonyezimira. Iye anavula, nati sanazizolowere. Anapita ndi timiyala take ta mumtsinje. Iwenso pita ndi timiyala tako. Timba sachepa ndi mazira ake."

"Amen, abusa," anatero dalaivala. "Tsopano malizani mutu wangawu, ndisatuluke muno ndi theka la ulaliki."

4. Chenjezo la a Malume

Lachitatu Timba anamupeza Chinkhwe akusita malaya pabedi.

"Ndamva zonse za agogo a pa wailesi," anatero Timba. "Mawa usandiimbire."

Chinkhwe anakweza mapewa. "Ndi masewera chabe, sisi. Ndani wavulala?"

"Usandiimbire."

"Ukufuna ndingokhala pano n'kumamvera akukuchotsa? Ndine mnzako kapena ndine mpando?"

"Ngati ndiwe mnzanga, foni ija uisiye."

Chinkhwe anayerekeza mawu a Mayi Mkulu: "Nyimbo sizinandichititsepo manyazi!" Anayerekeza bwino kwambiri moti Timba anaseka asakufuna. Koma Chinkhwe sanalonjeze kanthu.

Lachinayi masana Timba anafika msanga. Anapeza a Malume akupukuta mabatani ndi kansalu.

"Ndamva kuti wakana okankha," anatero bambowo osatukula mutu.

"Inu mumadziwa, a Malume?"

"Ine foni ndimayankha ndine, mwana wanga. Ndingalephere kudziwa? Tamvera ndikuuze. Munthu weniweni akamaimba foni ku wailesi, amakhala pafupi ndi wailesi yake, ataikweza kuti adzimve. Ndiye mawu amatuluka mu wailesiyo, n'kulowa m'foni, n'kubwerera kuno, n'kupitanso. Zimalira zimenezo, tswiii, mpaka mano kuyabwa. Woulutsa amachita kunena kuti, chepetsani wailesi yanu. Kale mawu amenewo tinkawanena mpaka kutopa nawo. Koma anzakowa akamaimba, foni imamveka mbee, ngati munthu ali m'chipinda chomatidwa. Iwo sakhala pafupi ndi wailesi, chifukwa sakumvera. Kulira kuja ine ndinakumva komaliza kalekale, tsitsi langali lisanayere.

"Tsono ndikuchenjeze. Pa wailesi palibe chinthu choopsa ngati chete. Ukakhala chete pang'ono pokha, iwe umaona ngati chaka. Thukuta limatuluka, lilime limauma. Ndaona anyamata a ndevu akutuluka m'chipinda icho miyendo ikunjenjemera. Nthawi imeneyo ndi imene mdierekezi amabwera atavala ngati mthandizi. Ngati wasankha njira imeneyi, usaisiyire pakati. Wotembenuka pakati pa mtsinje ndi amene madzi amamutenga."

"Sinditembenuka, a Malume."

"Tiona," anatero iwo. "Lowa, mlendo wako wafika."

5. Nyale yofiira

Mlendo wa tsikulo anali Mayi Dokotala, mphunzitsi wa zaumoyo, mayi wodekha wa magalasi aakulu. Nkhani yake inali ya matenda a kuthamanga kwa magazi.

Timba anavala mahedifoni. Kuseri kwa galasi anaona a Malume pampando wawo. Kumbuyo kwawo kunaima Mayi Mkulu atapinda manja. Pakhomo panatsamira Chiphaliwali ndi jekete yake.

Nyale yofiira inayaka.

Timba anapereka moni, anatchula mlendo wake, anatchula nambala. Asanamalize n'komwe, foni inalira.

Mayi Mkulu anamwetulira. A Malume anayankha, anamvetsera, kenako anayang'ana Timba nthawi yaitali asanadine batani.

"Moni, mdzukulu wanga," anamveka mawu onjenjemera a gogo. "Ine ndine gogo wa kuseri kwa msika. Miyendo yangayi yatupa ngati mitondo, ndiye ndimati ndifunse adokotalawo..."

Mawuwo anali okoma, omvetsa chisoni. Ndipo anali mbee. Panalibe kulira kwa wailesi, panalibe mwana, panalibe nkhuku. Kuseri kwa galasi Chiphaliwali anakweza chala chachikulu.

Mayi Dokotala anali atasendera kale ku maikolofoni kuti ayankhe. Timba sankafunika kunena bodza lililonse. Ankangofunika kutseka pakamwa, khadi lake likanakhala pabolodi.

Anakweza dzanja, kuwaimitsa adokotalawo.

"Mnzanga," anatero, "ndakudziwa. Ndikudziwanso kuti wachita izi pondikonda. Koma iwe si gogo, ndipo miyendo yako ili bwinobwino. Chonde, tsitsa foni."

Kenako mawu ena, aang'ono, a mtsikana, anati, "Timba..." Foni inaduka.

Mayi Mkulu anagwira phewa la a Malume n'kuloza batani la nyimbo. A Malume anayamba kufunafuna magalasi awo. Anafuna m'thumba, anafuna pansi pa tebulo, anasuntha mawaya. Magalasiwo anali pamphuno pawo.

"Omvera athu," anapitiriza Timba, "wailesi ino ili ndi foni imodzi. Ambiri a inu munayesa kuimba, munamva tu-tu-tu, munasiya. Simunalakwe nambala. Foniyo inkakhala ndi ophunzira a konkuno, akuimba atasintha mawu, kuti zioneke ngati tili ndi omvera ambiri. Wailesi ino anaikhazikitsira inu, koma pakhomo pake panaima ena. Lero pakhomo palibe munthu. Foni ndi yanu. Ikapanda kulira, pulogalamu ino lero ndi yomaliza. Ndipo ndi bwino kuti pulogalamuyi ife ili yoona kusiyana ndi kukhala ndi moyo ili yabodza."

Chiphaliwali anali atachoka pakhomo paja. Mayi Mkulu anatuluka. Atabwerera anali ndi khadi la Timba m'manja. Analigunditsa pagalasi kuti aliwerenge bwino.

Timba analiyang'ana, kenako anatchula nambala. Anaitchula pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani.

Foni sinalire.

Chete uja amene a Malume ananena anafika. Thukuta linatsika m'khosi mwa Timba. Lilime linauma. Mayi Dokotala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, kenako anakonza mpando.

"Pamene tikudikira," anatero mayiwo modekha, "ndiwauze omvera chifukwa chake matendawa timati ndi mbala yoyenda mwakachetechete."

Analankhula za mchere, za kuyezetsa, za kuyenda pansi. Timba anatchulanso nambala. Analankhulanso adokotala. Timba anatchulanso. Muvi wa wotchi ya pakhoma unkayenda ngati ukuthamangitsidwa. Pansi pa tebulo Timba anakunga zibakera, ndipo m'mtima mwake munkayenda nyimbo ya kutchalitchi imene mayi ake ankaimba pochapa, yonena za thanthwe losagwedezeka.

A Malume anakweza dzanja kusonyeza kuti nthawi yatsala pang'ono kutha. Mayi Mkulu anaika khadi m'thumba la jekete yawo.

Foni inalira.

A Malume anayankha. Anachotsa foniyo kukhutu msanga ngati yawaluma. Kenako nkhope yawo yonse inatseguka. Anadina batani.

Tswiiiiii!

Kulira kumeneko kunaboola mahedifoni, Mayi Dokotala mpaka kudzidzimuka. Linali phokoso loipa, lokanda m'mutu. Timba anali asanamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo.

"Chepetsani wailesi yanu, chonde," anatero Timba, misozi ili m'maso.

"Halo? Halo? Ndalowa? Iii, ndikudzimva ndekha! Iwe, chepetsa wailesiyo! Osati kuzimitsa, chepetsa! Halo?"

Kumbuyo kunkamveka mwana akulira, wina akuseka, ndi chitseko chikumenyeka.

"Mwalowa, mayi. Tikukumvani. Funsani."

"Zikomo, mwana wanga. Ine sindidziwa kulankhula pa wailesi, mundikhululukire. Ndi za bambo a kunyumba kuno, ndi akalipentala. Anawapeza ndi matenda mukunenawo, anawapatsa mapiritsi. Ndiye atamwa mwezi anati ndachira, anasiya. Tsopano kuyambira dzulo mutu ukuwapweteka kwambiri, akuti maso akuchita mdima. Iwo akuti ndi dzuwa. Ine ndimati mwina tidikire Lolemba..."

Mayi Dokotala anavula magalasi. Mawu awo odekha aja anasintha.

"Mayi, mundimvere bwino. Musadikire Lolemba. Musadikire mawa. Apite kuchipatala lero lomwe, panopa, ndipo asapite okha. Mukawauze a chipatala zonse mwandiuzazi, ndi dzina la mapiritsi aja. Mankhwala amenewo munthu sasiya chifukwa akumva bwino. Akumva bwino chifukwa cha mankhwalawo. Bambowo ali pafupi?"

"Ali pompano, agona pamphasa, akumva."

"Bambo akalipentala, dzukani. Matabwa adikira."

"Mwamva?" anafuula mayi uja kumbali. "Anena pa wailesi! Iwe, thamanga ukaitane amalume ako abwere ndi njinga!" Ndipo foni inaduka osatsanzika n'komwe.

Timba anatseka pulogalamu. Nyale yofiira inazima.

6. Zitseko ziwiri

Atatuluka m'situdiyo, foni inali ikuliranso. A Malume anayankha, nauza woimbayo kuti pulogalamu yatha, ayesenso Lachinayi. Atangoiika pansi, inaliranso.

"Taimvani," anatero a Malume akupukuta m'maso ndi kansalu ka mabatani kaja. "Onsewa mawailesi awakweza. Makutu anga atha lero."

Mayi Dokotala anagwira dzanja la Timba ndi manja awiri. "Ukadzandifunanso, ndiitane," anatero, napita.

Mayi Mkulu anali pakhonde, pafupi ndi bolodi. Anatulutsa khadi m'thumba. Linali litapindika pakona. Analiwongola ndi chala, n'kulibwezera pamalo pake.

"Ndinati foni ikalira, khadi likhala," anatero. "Yalira. Ine sindibweza mawu anga."

"Zikomo, mayi."

"Usandithokoze. Ukudziwa chimene wachita? Wauza tauni yonse kuti wailesi ya yunivesite yakhala ikunama. Nkhani ya m'nyumba waitulutsira pamsewu. Ukanabwera kwa ine."

"Ndikanabwera, mayi, mukanati simukudziwa?"

Mayi Mkulu anamuyang'ana. Anayang'ana bolodi.

"Foni ya mu ofesi yanga nayonso yalira," anatero pomaliza. "Akuluakulu amva zonse. Akukufuna mawa m'mawa ku nyumba yawo ya pamwamba pa kaphiri, iwe ndi ine. Kumeneko khadi silikakuthandiza. Kumeneko amachotsa anthu, osati makhadi."

"Ndipita, mayi."

Pa masitepe anapeza Chiphaliwali atakhala, jekete ili pamaondo. Sanaseke.

"Wandivula pagulu, kambalame," anatero. "Mawa m'mawa ndikatsegule pakamwa ndinene chiyani?"

"Mukatchule nambala, achimwene, n'kudikira. Sizipha. Ine ndili moyo."

"Uli moyo lero. Ukudziwa amene akhale pampando waukulu mawa ku nyumba ya pamwambayo? Ndi bambo anga aang'ono."

Timba anakonza chikwama chake paphewa.

"Ndiye tikaonana konko," anatero, nadutsa.

Panja dzuwa linali litapendeka. Kumanzere, pamwamba pa kaphiri, mawindo a nyumba ya akuluakulu ankanyezimira. Kumanja kunali nyumba yogona atsikana, ndipo katani ya chipinda chawo inali yotseka masanasana. Chinkhwe anali m'katimo.

Zitseko ziwiri zinkamudikira Timba, ndipo sankadziwa cholemera kwambiri ndi chiti. Anaima pang'ono, napempha mphamvu kwa Iye amene sagona. Kenako anayamba ndi chapafupi. Anakwera masitepe, anaima pakhomo pa chipinda chake chomwe, nagogoda ngati mlendo.

M'katimo bedi linalira. Mapazi anayandikira chitseko, n'kuima.

Ana anga, timusiye Timba ali pakhomopo, dzanja lili m'mwamba. Inu amene mwayenda naye mpaka pano, Ambuye akudalitseni. Akupatseni lilime losagulika ndi mtima wosatembenuka pakati pa mtsinje. Pa tsiku limene bodza lidzabwere kwa inu litavala ngati bwenzi, akutsegulireni makutu kuti mulizindikire. Ndipo pamene mudzadikire muli chete, thukuta likutsika, Iye akhale nanu pafupi kufikira yankho loona litafika. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa nyumba zanu. Amen.